Dzina la Marriott linayambira pa mipando isanu ndi inayi

Amene amadutsa pa hotela ya Ryalls mumzinda wa Blantyre aonapo kuti chikwangwani chake masiku ano chili ndi mayina awiri owonjezera, Protea ndi Marriott. Protea ndi kampani ya ku South Africa imene Marriott inagula mu 2014, n'chifukwa chake dzinali limaonekanso ku Lusaka ndi ku Chipata. Ambiri tikamva kuti Marriott timaganiza za nyumba zazitali zagalasi ndi anthu amataye. Koma mwini dzinalo anali mbusa wa nkhosa, ndipo bizinesi yake yoyamba sinali hotela ayi, anali kagolosale kogulitsiramo chakumwa chozizira.

John Willard Marriott anabadwa pa 17 Sepitembala 1900 pafupi ndi tawuni ya Ogden, m'chigawo cha Utah ku America. Makolo ake anali alimi, a mpingo wa Mormon. Anakula akuweta nkhosa ndi kulima mbewu ya sugar beet, imene kumeneko amapangira shuga. Atakwanitsa zaka 19 mpingo unamutuma kukalalikira kum'mawa kwa dzikolo kwa zaka ziwiri. Pobwerera kwawo mu 1921 anadzera ku Washington nyengo yotentha, ndipo chimene chinamukhalira m'mutu si nyumba za boma, koma mavenda a zakumwa zozizira. Munthu akangofika ndi ngolo yake, katundu ankatha nthawi yomweyo chifukwa anthu anali ndi ludzu.

Maganizo amenewo anawasunga zaka zisanu ndi chimodzi. Pa 20 Meyi 1927, iye ndi mnzake Hugh Colton anatsegula kamalo pa msewu wa 14th Street ku Washington, atagula chilolezo chogulitsa chakumwa cha kampani ya A&W chotchedwa root beer. Dzinalo lisakunamizeni: chakumwachi sichiledzeretsa, n'chotsekemera basi, monga mmene thobwa lilili kwathu kuno. Mipando inalipo isanu ndi inayi yokha, ndipo kapu imodzi inkagulidwa masenti asanu.

Patangopita milungu itatu anabwerera ku Utah kukakwatira Alice Sheets, amene anali atangomaliza maphunziro ku yunivesite, ndipo awiriwo anayenda ulendo wa masiku ambiri pa galimoto ya Ford Model T kubwerera ku Washington. Ine ndimaona kuti mayi ameneyu satchulidwa mokwanira. Ndiye ankasunga mabuku a ndalama. Madzulo ankasonkhanitsa makobidi a tsikulo, onata ndi shuga wa chakumwa, n'kuwatsuka kaye asanapite nawo kubanki. Taganizirani munthu wa digiri yake ali pa sinki usiku, kutsuka makobidi limodzilimodzi.

Vuto linabwera ndi nyengo yozizira. Ndani angagule chakumwa chozizira kunja kukugwa chipale chofewa? Malonda anatsika, ndipo apa ndi pamene bizinesi zambiri zotere zimafera. Iwo anaganiza zoyamba kugulitsa chakudya chotentha. Alice anapita kwa wophika wa ku ofesi ya kazembe wa dziko la Mexico, imene inali pafupi, n'kukaphunzira kaphikidwe ka zakudya zatsabola monga chili ndi tamales. Kamalo kaja anakatcha Hot Shoppe, ndipo posakhalitsa malesitilanti a dzina limenelo anachuluka mumzindawo. M'malo ena makasitomala ankadyera m'galimoto zawo momwemo, operekera zakudya akuthamanga ndi mathireyi.

Chimene chimandikopa pa moyo wa munthu ameneyu n'chakuti pafupifupi chilichonse chatsopano chimene anayamba chinachokera pa kuyang'anitsitsa makasitomala. Lesitilanti yake ina inali pafupi ndi bwalo la ndege la Hoover Field. Kumeneko anthu opita kukakwera ndege ankagula chakudya n'kuchinyamula. Marriott anapita kukalankhula ndi makampani a ndege, ndipo mu 1937 anayamba kupereka zakudya za m'mabokosi kwa okwera ndege.

Sanali bwana wosavuta kugwira naye ntchito. Ankatulukira pa lesitilanti mosadziwitsa aliyense, n'kulowa kukhitchini, kutsegula mafiriji, kusisita mashelefu ndi chala kuti aone ngati pali fumbi. Komabe mfundo imene ankaibwereza kwa mamanijala ake inali yakuti asamalire antchito, chifukwa wantchito wosamalidwa ndiye amasamalira mlendo. Aliyense amene analowapo pamalo odyera pamene woperekera zakudya wakwinya nkhope chifukwa sanalandire malipiro ake akudziwa kuti mfundoyi si yongokometsera pakamwa.

Mu 1953 kampani inayamba kugulitsa masheya kwa anthu wamba, ndipo anatha m'maola awiri okha. Hotela yoyamba inabwera mochedwa, mu 1957, patatha zaka 30 chiyambire bizinesi. Inali Twin Bridges ku Arlington, m'chigawo cha Virginia, ya zipinda 365. Mlendo ankalembetsa ali m'galimoto, kenako mnyamata wa panjinga n'kumutsogolera mpaka pakhomo la chipinda chake. J. Willard Marriott sankakonda ngongole; anaona ndi maso ake mahotela akugwa pa nthawi ya mavuto azachuma a m'ma 1930. Amene analimba mtima kukongola ndalama zomangira mahotela ambiri anali mwana wake, Bill Marriott, yemwe anakhala pulezidenti wa kampani mu 1964 ndi mkulu woyendetsa zonse mu 1972. Bambo ndi mwana sankagwirizana nthawi zonse pa nkhani imeneyi, ndipo ndikaganiza bwino onse awiri anali ndi mfundo: wina ankaopa kutaya zimene anakhetsera thukuta, winayo ankaona kuti misewu ikuluikulu ndi ndege zikubweretsa apaulendo ofuna pogona.

J. Willard Marriott anamwalira pa 13 Ogasiti 1985 ku New Hampshire, ndipo Alice anamutsatira mu 2000. Hotela ya Twin Bridges inagwetsedwa mu 1990, ndipo lesitilanti yomaliza ya Hot Shoppes inatsekedwa mu 1999. Chizindikiro cha mpingo wa Marriott chidakalipo: m'mahotela ambiri a Marriott, mukatsegula kabati ya pafupi ndi bedi, mupezamo Baibulo pamodzi ndi Buku la Mormon.