Polowera potsetsereka pokha sipokwanira

Ndatopa kumva mawu amene akhala akunenedwa kwa zaka zambiri muno mu Mzuzu, akuti holo ikakhala ndi polowera potsetsereka ndiye kuti nkhani ya anthu aulumali yatha, ndipo kuphunzitsa ogwira ntchito ndi kutaya ndalama.

Maganizo amenewa amaiwala kuti si aulumali onse amene amayenda pa njinga. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, ndipo gulu lalikulu linali la amene amavutika kuona. Wosamva amafuna womasulira chinenero cha manja woima powala. Wosaona amafuna womuuza kumene kuli mpando, osati womukoka dzanja asanamufunse. Munthu wachialubino, mwambo ukamachitikira pabwalo, amafuna mthunzi. Zonsezi zimadalira wolandira alendo pakhomo, ndipo simenti singamuphunzitse.

Ngakhale potsetserekapo pamafunika muyeso: malo okwera mita imodzi amafuna kutalika kwa mamita 12. Pambiri pamene ndaona m'tauni muno ndi pophedi, ndipo ndi mvula ya kuno pamaterera.

Musanafalitse mawu akuti polowera potsetsereka pokha ndi pokwanira, yambani mwawatsimikizira. Tengani tepi muyeze khomo la chimbudzi, muone ngati njinga ingalowe ndi kutembenuka, kenako mufunse anthu aulumali eni ake chimene chinawavuta pamwambo womaliza umene anapitako.