Kumene mneni wa Chipwitikizi "chegar" adachokera

Aliyense amene adakhalako ku Tete kapena ku Angónia amaudziwa mneni woti "chegar", womwe umatanthauza kufika, ndiponso adamvapo mayi akuletsa ana phokoso ndi liwu limodzi lokha loti "Chega!", kutanthauza kuti basi, zakwana. Chodabwitsa n'chakuti kholo la mneniwu silinkanena za ulendo ayi. Udachokera ku mawu a Chilatini oti "plicare", omwe ankatanthauza kupinda chinthu, monga momwe munthu amapindira nsalu.

Chilatini chidalowa m'dera lomwe lero kuli Spain ndi Portugal Aroma atakocheza ku Emporion, doko la kumpoto chakum'mawa kwa Spain, m'chaka cha 218 Yesu asanabadwe. M'kupita kwa zaka mazana ambiri, anthu a ku Galicia, chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa Spain, ndi a kumpoto kwa Portugal adayamba kutchula "ch" m'mawu ambiri omwe ankayamba ndi "pl". N'chifukwa chake "pluvia" idasanduka "chuva", yomwe ndi mvula, "plumbum" idasanduka "chumbo", womwe ndi mtovu, ndipo "plicare" idasanduka "chegar". Ku Castilla, kumene kudachokera Chisipanishi, "plicare" idasanduka "llegar".

Nanga kupinda kudakhala bwanji kufika? Nkhani yotchuka imati amalinyero akayandikira doko ankapinda matanga a chombo, motero kupinda ndi kukocheza zidakhala chinthu chimodzi m'kamwa mwawo. Imakoma kwambiri tikayang'ananso Chiromaniya, chilankhulo cha ku Romania, mmene "a pleca", wochokera ku kholo lomwelo, amatanthauza kuchoka, ati chifukwa asilikali kapena abusa ankapinda mahema ponyamuka. Ine nkhaniyi ndimaikonda, koma ndimaona kuti yasalala mopitirira muyeso.

Umboni wolembedwa ukuloza kwina. Egeria, mayi wachikhristu amene ambiri amati adali wa ku Galicia, adayenda ku Dziko Loyera cha m'ma 381 mpaka 384, ndipo polembera anzake za ulendowo adagwiritsa ntchito "plicare" m'tanthauzo la kuyandikira. Adalemba za kuyandikira Phiri la Sinai, ali m'chipululu, kumene kudalibe chombo kapena thanga loti n'kupinda. Zikuoneka kuti ganizo lidali la kukhotetsa njira n'kulunjika kumene ukupita, monganso Aroma ankanenera "applicare" posendeza chinthu pafupi ndi chinzake.

Pambuyo pake anthu ophunzira adatenganso mawu a banja lomweli mwachindunji m'mabuku a Chilatini, monga "aplicar", "explicar" ndi "complicar", ndipo amenewa adasunga "pl" wawo wakale.