Aleke Banda: zaka 50 mu ndale, 12 mwa izo ali mndende kuno ku Zomba

Ana ambiri a masiku ano ukawafunsa za a Aleke Banda, amene wayesetsa amangoti ndi aja anayambitsa nyuzipepala ya The Nation, basi zathera pompo. Koma ife a kuno ku Zomba sitikuyenera kuidumpha choncho nkhani ya bambo amenewa, chifukwa kukwera kwawo ndi kugwa kwawo zonse zinachitikira pakhomo pathu pompano, ku Paliyamenti yakale ija mmunsi mwa phiri ndi ku Mikuyu kuchigwa uko mbali ya ku nyanja ya Chilwa.

Kwawo ndi ku Tukombo ku Nkhata Bay koma anabadwira ku Livingstone mu 1939 nkukulira ku Southern Rhodesia, paja nthawi imeneyo makolo athu ambiri amapita kukasaka ntchito ku migodi. Mu 1959 akadali mwana wa sukulu azungu anawamanga chifukwa cha ndale nkuwathamangitsira kuno ku Nyasaland, dziko limene iwo sankalidziwa nkomwe bwinobwino. Afika kuno apeza zinthu zavuta, chipani cha Nyasaland African Congress chaletsedwa kuyambira pa 3 March, Kamuzu ali mndende ku Gwelo, atsogoleri ambiri ali mkati. Ndiye iwo pamodzi ndi a Orton Chirwa ndi anzawo ena anayambitsa Malawi Congress Party mu September chaka chomwecho, a Orton kukhala mtsogoleri mogwirizira mpando wa Kamuzu, a Aleke mlembi wamkulu. Taganizani, mnyamata wa zaka 20 zokha, msinkhu wa ana athu ali ku Chanco pano, akuyendetsa chipani chomwe mmiyezi yochepa chinafalikira dziko lonse, uku akulembanso Malawi News. Pamene Kamuzu amatulutsidwa pa 1 April 1960 nkubweretsedwa kuno ku Zomba kudzakumana ndi Iain Macleod, nduna ya ku Britain yoona za maiko olamulidwa ndi atsamunda, ku Government House, chipani anachipeza chili chilili kale, anangofikira kukhala pampando.

Apa ndiye pamene pali gawo limene anthu owakonda a Aleke safuna kulikamba, koma ine ndikamba chifukwa kubisa sikuwalemekeza. Mu September 1964, patangotha miyezi iwiri chilandilireni ufulu, nduna zinasemphana ndi Kamuzu, a Chiume, a Chipembere, a Chisiza, a Bwanausi, a Chokani ndi a Orton omwe aja. Mkanganowu unaphulikira mu Paliyamenti yathu yomweyi, ndipo kumapeto kwa mweziwo mtauni muno munali zibonga pakati pa ogwira ntchito m'boma amene amaikira kumbuyo nduna zija ndi anyamata a chipani. A Aleke anasankha mbali ya Kamuzu. Anali mkulu wa achinyamata a chipani, ndiwonso anali oyamba kutsogolera apayoniya, kuphatikiza apo anapatsidwa kuyendetsa wailesi ya MBC itangoyamba kumene. Ndiye kuti mawu amene dziko limamva pa wailesi komanso anyamata amene amaopedwa m'midzi, zonsezi zinadutsako mmanja mwawo. Aliyense amene anabwezedwapo pa msika kapena kutsitsidwa basi chifukwa alibe khadi ya chipani akudziwa kumene zinthu zimenezi zinakathera. Sindikunena kuti iwo ndi amene amakwapula anthu ayi, koma dzenje limene anadzagweramo anakumba nawo.

Mu 1966 analowa mu kabineti, mu 1969 nkukhala nduna ya zachuma kulowa mmalo mwa a John Tembo, ndipo pamene dziko limasiya mapaundi ndi mashereni nkuyamba kwacha ndi tambala mu 1971, nduna yake anali iwowa. Anthu amene anagwira nawo ntchito amati munthuyu samatopa, amalowa mu ofesi kukadali mdima nkutuluka usiku. Kulimbikira komweko ndi kumene kunawaika pa ngozi, chifukwa mu 1973 nyuzipepala ina ya ku Zambia inalemba kuti ameneyu ndi amene angadzalowe mmalo mwa Kamuzu, ndiye nthawi imene ija mtsogoleri ali wamuyaya, kungotchulidwa kokha kuti ungadzalowe mmalo unali mlandu. Anachotsedwa pa maudindo onse nkubwezedwa kumudzi. Patapita nthawi anakhululukidwa nkupatsidwa kuyendetsa Press Holdings, kampani ya Kamuzu imene inali ndi dzanja pafupifupi paliponse, mma esiteti a fodya, mma shopu a PTC, mma banki.

1980 ndiye anawatenga. Zimene zakhala zikunenedwa nzakuti anadandaula ndi mmene ndalama zimatulukira mu Press kupita kwa mwini wake, koma khoti silinamvepo nkhaniyi, palibe woweruza amene anawafunsa kanthu, anangowatsekera basi, kuyambira ku Mikuyu. Zaka 12. Analowa ali ndi zaka 40 nkudzatuluka ali ndi 52, ana akukulira kunja bambo ali moyo koma osawaona, ndipo mtunda wochoka pa Paliyamenti pamene amawerengera bajeti ya dziko kukafika pa selo yawo ndi woti pa njinga ya kabaza umafika dzuwa lisanapendeke. Mu 1980 momwemo anamangidwanso a Gwanda Chakuamba, amenenso anatsogolerapo apayoniya, iwo anagamulidwa zaka 22. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anagwidwa kuno ku Zomba atachoka ku Paliyamenti, anagonekedwa ku Mikuyu komweko usiku umodzi, kenako nkukaphedwa ku Mwanza boma nkulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Ine ndikaganiza zimenezi thupi limachita tsemwe, chifukwa anthu amapita ku msika, ana amapita ku sukulu, mabasi amadutsa, zonsezi zikuchitika pafupi pomwepa ndipo palibe amene akanayerekeza kufunsa.

Kalata ya ma bishopu a Katolika itawerengedwa pa 8 March 1992, maiko otithandiza nkuimitsa thandizo, boma linayamba kumasula andende a ndale ndipo a Aleke anatuluka mu July. Mnzawo amene anayamba naye chipani, a Orton Chirwa, sanatuluke, anamwalirira mndende yayikulu ya Zomba pa 20 October chaka chomwecho.

Chimene chimandigwira mtima ndi zimene anachita atatuluka. Munthu wina akanangopita ku Tukombo kukapuma, palibe akanamunena. Iwo analowa UDF nkumenyera nawo matipate mpaka riferendamu ya pa 14 June 1993 pamene nyali ya matipate inagonjetsa tambala wakuda wa chipani chimodzi, mu July nkuyambitsa The Nation, munthu yemwe uja anayendetsapo nyuzipepala ndi wailesi za chipani chimodzi tsopano akutsegula nyuzipepala yoti izifunsa boma mafunso, ngakhale boma limene iwo anadzakhalamo. A Muluzi atapambana mu 1994 anawabwezera ku unduna wa zachuma, kenako ku zaulimi ndi ku zaumoyo. Alimi a ku Jali, ku Thondwe, ku Domasi akuwakumbukira ndi sitata paki ya 1998, kathumba ka feteleza, mbewu ya chimanga ndi ya mtundu wa nyemba zoperekedwa ulele kwa mabanja oposa 2 miliyoni. Kanali kochepa, kongokwana kachigawo ka munda, koma zaka ziwiri zotsatira nkhokwe zinadzaza, ndipo pulogalamuyi itachepetsedwa kuti izifikira ochepa okha sipanatenge nthawi tinaona njala ya 2002. Za makuponi a feteleza zimene timakangana chaka ndi chaka zija muzu wake uli pamenepo.

Mu 2003 a Muluzi, zofuna kuimanso kachitatu zitakanika, anatenga a Bingu wa Mutharika kunja nkuwaika patsogolo kudumpha akuluakulu amene anavutikira chipanicho. A Aleke anatuluka nkukatsogolera chipani cha People's Progressive Movement (PPM), ndipo pa chisankho cha 2004 anaima ngati wachiwiri kwa a Gwanda mu Mgwirizano wa zipani zotsutsa, akuluakulu awiri a apayoniya akale, omangidwa chaka chimodzi, tsopano ali pa pepala limodzi lovotera. Anathera pa nambala 3. Pasanathe nthawi a Gwanda anagwirizana ndi boma, a Aleke anatsala ku mbali yotsutsa ngati phungu wa Nkhata Bay South, ndipo ndimaona kuti pamenepa anachita bwino chifukwa anthu amene anawavotera sanawatume kukasaka unduna.

Anapuma pa ndale mu 2009 akudwala khansa, ndipo sanabise matendawo monga amachitira akuluakulu ambiri, mmalo mwake masiku awo otsiriza anawathera kulankhula zoti Malawi akhale ndi chipatala chakechake cha khansa, chifukwa iwo amatha kupita ku South Africa koma mayi wa ku Chingale sangathe. Anamwalirira komweko ku South Africa pa 9 April 2010 ali ndi zaka 70.