Kuchokera pa windo la Mandala kufika pa okala ya ku Ndirande

Nyumba yakale kuposa zonse zimene zidakali chiimire mu mzinda wa Blantyre ndi ya amalonda. Mandala House inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya ku Glasgow ya African Lakes, imene ankaiyendetsa anali anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir, pamene tchalitchi cha St Michael and All Angels chinadzatha mu 1891. Katundu wa m'sitolo yawo, nsalu, mikanda, sopo ndi zakudya za m'zitini, ankabwera pa sitima zapamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga ku Chikwawa, ndipo kuchoka kumeneko amtengatenga ankamusenza pamutu kukwera naye mapiri. Chiyambire nthawi imeneyo, boma lililonse limene lalamula dziko lino lakhala likuikapo dzanja pa nkhani yoti agulitse ndani, ndipo agulitsire pati.

Azungu anayamba ndi kudzitengera pakati pa tauni. Mandala, kenako Kandodo, anali masitolo a mabwana a m'maesiteti ndi a m'boma. Akuluakulu amene anakula nthawi ya atsamunda amasimba kuti m'masitolo ena otere munthu wakuda ankagulira pawindo: utchule chimene ukufuna, upereke ndalama, akupatsire pomwepo, osaponda mkati. Panalinso lamulo loika malire pa ngongole imene wamalonda wakunja akanatha kupereka kwa munthu wakuda. Mmalawi amene ankafuna kutsegula kantini yake ankayamba ndi ndalama ya m'thumba basi, chifukwa katundu wapangongole sankamuona.

Amene anafika kufupi ndi munthu wamba ndi amwenye. Ambiri anachokera ku Gujarat, ndipo anayamba kubwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, Harry Johnston atawatsegulira njira. Njanji itafika mu 1908, kampani ya Imperial Tobacco n'kumanga fakitale ya fodya ku Limbe, tauni ya Limbe inakula ndi masitolo awo mizeremizere. Sitolo ya mmwenye inali ndi maonekedwe ake: khonde lalitali, telala atakhala ndi makina ake pakhondepo, mkati mukununkha palafini, sopo wamtanda ndi nsalu yatsopano, banja likugona kuseri kwa sitolo komweko. Kumeneko munthu ankalowa, kugwira nsalu, kunenerera mtengo, mwina n'kupatsidwa basela ya singano kapena siwiti. Sikuti ubale wake unali wokoma nthawi zonse, pakuti madandaulo a malipiro ochepa a antchito ndi kunyozeka analipo kuyambira kale, koma amwenyewa ndi amene anafikitsa mchere ndi machesi m'timisika ta kumidzi kumene Mandala sankafikako.

Tisaiwale kuti wokhala ku Ndirande, ku Chilomoni kapena ku Bangwe masiku amenewo sankagula zambiri. Maderawa anali midzi yokhala ndi mafumu ake, ndipo mzinda unachita kuwapeza. Chimanga chinkachokera kumunda wa m'mbali mwa phiri kapena kumudzi pa basi, ndiwo zamasamba kudimba, nkhuni kuphiri. Kusitolo kunali kwa mchere, sopo, shuga, palafini ndi nsalu ya Khirisimasi.

Ufulu utabwera, Kamuzu Banda anasanduliza zonse. Mu 1970 analamula kuti amwenye ayambe kuchoka kumidzi n'kusiyira Amalawi malonda a kumeneko, ndipo pofika 1978 anali atatsala m'mizinda yokha: Blantyre ndi Limbe, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Cholinga chinkamveka bwino m'makutu, koma m'malo ambiri masitolo amene anasiyidwa anangokhala mabwinja, chifukwa olowamo analibe mpamba ndiponso analibe kopikula katundu. Boma linayesa kutseka mpatawo ndi masitolo opikulitsa a Chipiku. Ku Blantyre zotsatira zake zinali zina: chuma ndi luso la amwenye zinaunjikana ku Limbe ndi mumsewu wa Haile Selassie, ndipo mpaka lero wa golosale wa ku Bangwe akafuna kuoda amakwera minibasi ya ku Limbe.

Mu 1973 kunabadwa People's Trading Centre, PTC, ya kampani ya Press imene mwini wake panthawiyo anali Kamuzu yemweyo. Kwa anthu ambiri a m'makomboni, iyi inali sitolo yoyamba kumene munthu ankalowa, kutenga basiketi, kudzisankhira yekha katundu pashelefu, n'kukalipira pa tilu. Inafika ku Ndirande, ku Chitawira ndi m'maboma ambiri a dziko lino. Mwezi ukatha, mphunzitsi kapena kalaliki ankapita kukagula za mwezi wonse: shuga, Stork, tiyi wa Chombe, botolo la Sobo, buledi wotentha, mwina ndi nyama yokulungidwa bwino. Mitengo ya zinthu zofunika inkaikidwa ndi boma, choncho kunenerera kunalibe. Malonda a mumsewu anali oletsedwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti kuyala tomato pa Victoria Avenue n'kudziputira mavuto ndi apolisi kapena achinyamata a chipani.

Anthu ena akamakumbuka nthawi imeneyo amati zinthu zinali mwadongosolo. N'zoona, koma dongosololo linali ndi mwini wake, ndipo anthu ankamudziwa. Mu Meyi 1992, sitalaka ya ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead itasanduka chipwirikiti mu Blantyre ndi Limbe, masitolo a PTC anali m'gulu la amene anathyoledwa, ndipo anthu ambiri anaphedwa ndi apolisi pa masiku amenewo. Wothyola ankafuna shuga, inde, koma ankadziwanso kuti shelefu imene akuikhuthulayo ndi ya ndani.

Chaka cha 1994 chinasintha makomboni kuposa china chilichonse. Mu Febuluwale ndalama ya kwacha inasiyidwa kuti izipeza yokha mphamvu yake pamsika, n'kugwa. Mu Meyi Bakili Muluzi anapambana chisankho. Malonda anamasulidwa, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, anthu ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo aliyense amene anali ndi kakhobidi anayamba geni. Mavenda anadzaza misewu ya Blantyre ndi Limbe, kaunjika anasefukira, amayi anayamba kukwera mabasi a ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam kukaoda. M'makomboni, nyumba iliyonse yoyang'ana kumsewu inaboola khoma n'kuikapo kawindo ka waya. Okala inafalikira choncho.

Pa okala ndi pamene pakuonekera bwino mmene anthu ambiri a mu mzinda uno amadyera. Mwini wake amagula paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi n'kuigawa m'timapepala tokwana tiyi wa m'mawa umodzi. Mafuta ophikira amabwera m'chigubu, iye n'kumayeza ndi kachitsekerero kuthira m'timachubu tapulasitiki, kumanga mfundo kumapeto. Sopo wamtanda amadulidwa ndi mpeni. Ufa umamangidwa m'kajumbo kokwana nsima ya usiku umodzi, kamene anthu anakatcha wokumani. Dzira limodzi, theka la buledi, mulu wa makala, mbulu umodzi wa Panado. Munthu akawerengera bwino, shuga wa m'timapepala ndi wodula kuposa wa m'paketi, ndipo ogulawo amadziwa bwino lomwe. Koma waganyu amene walandira ya tsiku limenelo sangagule za mwezi, komanso m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi, yopanda firiji, mulibe posungira.

Palinso kabuku. Pakhoma pamalembedwa kuti ngongole mawa, koma pansi pa kauntala pamakhala kope la sukulu lodzaza mayina. Mwana amafika atafumbata kajumbo: "Akuti amayi muwapatseko mafuta ndi mchere, abambo akalandira adzapereka." Mwini okala amayang'ana tsamba la banjalo, kupukusa mutu, n'kuyeza mafutawo. "Ukawauze mayi ako kuti tsamba ladzaza." Palibe tilu ya supamaketi imene ingachite zimenezi, ndipo n'chifukwa chake okala zambiri zimagwa m'chaka choyamba, n'chifukwa chakenso zimene zapirira sizisowa makasitomala.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yake ku Chichiri, pafupi ndi bwalo la Kamuzu Stadium, ndipo kenako Game inabweranso pomwepo. Malo oimika magalimoto ambirimbiri, matrole, maapozi ndi tchizi za ku Cape, zonse pansi pa denga limodzi. Loweruka mabanja ankatchena kupita ku Chichiri ngakhale kukangogula ayisikilimu. Ambiri ankaganiza kuti misika ndi magolosale zatha. Chimene chinachitika n'chakuti a ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe anapeza kogula kwatsopano, pamene a ku Mbayani ndi Chilobwe anapeza kooda kwatsopano. Shuga kapena mafuta akatsitsidwa mtengo, amene ankayamba kufika pamzere ndi eni maokala, ndipo madzulo ake katunduyo ankakhala ali m'timapepala. Ndiwo zatsiku ndi tsiku, bonya, usipa, mpiru, tomato, sizinachoke kumsika wa Ndirande, Limbe kapena Zingwangwa.

Mu Epulo 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu pa ntchito imene inatchedwa Operation Dongosolo, n'kuwalozera m'misika imene anawakonzera. Misewu inayera kwa kanthawi. Kuchokera apo mavenda ndi akhonsolo akhala akuthamangitsana chaka ndi chaka, makamaka madzulo pamene anthu akuweruka.

Nkhani ya 1970 inabwereranso kawiri, itangosintha nkhope. Dziko lino litakhazikitsa ubale ndi China kumapeto kwa 2007, amalonda a ku China anatsegula masitolo mpaka m'maboma ang'onoang'ono, eni dziko anadandaula, ndipo mu 2012 boma linalamula kuti amalonda akunja azichitira malonda awo m'mizinda ikuluikulu yokha. Kenako panabwera nkhani ya anthu ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Congo, amene ambiri amangowatchula kuti Maburundi. Iwowa analowa m'makomboni mwenimweni, kutsegula magolosale m'bandakucha, kutseka usiku, kuoda pamodzi kuti mtengo utsike. Ogula ankawakonda, opikisana nawo ayi. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse abwerere kumsasa wa Dzaleka ku Dowa, ndipo mu Meyi apolisi anayamba kuwagwira, kuyambira ku Lilongwe. Magolosale ambiri anatsekedwa. Ine ndimaona kuti phunziro la 1978 silinamveke: kuchotsa wogulitsa n'kosavuta, koma kupezera wolowa m'malo mwake mpamba ndi kooda ndi ntchito ina imene lamulo lokha silingagwire.

Masitolo akuluakulu nawo sanapeze mtendere, ndipo chimene chawadya kwambiri ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa mphamvu mu Meyi 2012, kenako ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sitolo imene mashelefu ake amadalira malole ochokera ku South Africa imagulitsa m'makwacha koma imaoda m'marandi ndi m'madola amene kubanki sapezeka. PTC, imene inayamba kale kufooka ndi ngongole, inagulitsidwa ndi Press Corporation kwa Tafika Holdings mu 2022, ndipo chaka chomwecho chisanathe inagweratu, itatsala pang'ono kukwanitsa zaka 50. Mu 2025 Shoprite inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake asanu a m'Malawi n'kuchoka. Malo amene atsalawo akudzazidwa ndi masitolo a anthu okhazikika konkuno monga Sana, Chipiku Plus ndi Ekhaya, ndipo ena mwa eni ake ndi a m'mabanja a amwenye, gulu lomwe lija linauzidwa kuti likhale m'mizinda.

Kukomboni zasintha ndi zing'onozing'ono. Pambali pa kawindo ka waya pamapachikidwa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ngongole ina imabwezedwa pafoni kuchokera kwa mwana amene ali ku Joni. Shuga atasowa mu 2024, masitolo akuluakulu n'kumaika malire a mapaketi amene munthu mmodzi angagule, eni maokala ankatuma ana ndi adzukulu kukaima pamzere aliyense payekha, ndipo timapepala tinachepa msinkhu mtengo uli womwewo. Makondakitala a minibasi m'madera ena akuitanirabe kuti "Wotsika pa PTC!" pamalo pamene sitoloyo inatsekedwa.