Digiri ya fizikisi kapena kemisitiri sithera pa choko chokha

Kwa zaka zambiri makolo ena muno mu Blantyre akhala akuuza ana kuti wophunzira fizikisi kapena kemisitiri ku yunivesite alibe kolowera kupatula uphunzitsi. Mawuwa atitopetsa, chifukwa abweza ana ambiri anzeru. Uphunzitsi ndi ntchito yolemekezeka, koma njira zilipo zinanso.

Taganizirani madzi a pampopi panu. Ambiri amapopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry, ndipo amatungidwa ali ndi matope. Wodziwa kemisitiri amayeza mankhwala otchedwa alamu okwanira kuti matope agwirane n'kukhazikika pansi, kenako klorini wopha tizilombo. Klorini ayenera kutsalako pafupifupi mamiligalamu 0.2 pa lita kumapeto kwa paipi. Akachepa, madzi amafika ku Bangwe opanda chitetezo. Mvula ikagwa matope amachuluka, muyezo n'kuyambanso.

Fizikisi nayo ili padenga. Sola wa mavolti 12 amafuna waya wonenepa, pakuti kuti mphamvu ikhale yomweyo, mavolti akachepa karenti (magetsi oyenda mu waya) imachuluka. Waya wowonda amatentha, mphamvu n'kutayika batire isanadzaze. Kuchipatala, cheza cha makina a X-ray chimafunikanso wochiyeza.

Inde, ntchito zina zimafuna maphunziro owonjezera digiri ikatha. Koma mutha kudzifufuzira nokha: werengani mndandanda wa maphunziro a digiriyo chaka ndi chaka, onani zomwe malonda a ntchito m'nyuzipepala akufuna, funsani omwe anamaliza. Musanachite zimenezi, chonde musauze mwana wa Fomu 4 kuti sayansi ilibe tsogolo.