Mmene Kusunga Mitengo Kunayendera M'chigawo cha Tete

Munthu woyenda kuchokera ku Ulónguè kulowera ku Furancungo, matauni a m'chigawo cha Tete ku Mozambique, m'chilimwe sachita kulozeredwa pamene pali manda. Minda ya chimanga, nyemba ndi fodya yakwera mpaka m'mapiri, koma apa ndi apo pamaoneka kamsitu kakuda bii, ka mitengo yaitali yokutidwa ndi zilambe. Pamenepo nkhwangwa simalira wamba. Ololedwa kudulamo ndi adzukulu pa tsiku la maliro, ndipo pafupi pomwepo nthawi zambiri pamakhala dambwe, kumene wosameta sapondako. Lamulo limeneli linalipo kale Angerezi ndi Apwitikizi asanagawane dziko la Achewa mu 1891, kuyambira masiku amene Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, ankalamulira ali ku Mano. Makolo athu analinso ndi malamulo ena ang'onoang'ono: msuku, msau ndi mlambe sankagwetsa chisawawa, ndipo tchire sankalitentha anthu asanamwete udzu wofolera nyumba.

Chimene chinasokoneza zonsezi ndi nkhondo ya pachiweniweni, imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize anathawira ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, ndipo panthawi ina Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni. Mapiri oyandikana ndi misasa anayera mbee chifukwa aliyense ankafuna nkhuni ndi milimo. Kwathu kuno minda inasanduka tsala, mitengo n'kuphukanso. Atabwerera, anthu anapeza tchire lambiri loti aswe mphanje, komabe anali ataona ndi maso awo mmene mayi amavutikira akamadzuka mbandakucha kukasaka nkhuni n'kubwerako dzuwa lili paliwombo. Ine ndimaona kuti kuzindikira kwa masiku ano za kufunika kwa mitengo kunayambira pamenepo, mabungwe asanafike ndi maphunziro awo.

Kumadzulo kwa chigawochi, kumene Zambezi amalowera m'dziko lino pafupi ndi Zumbo, kunayambika chinthu china. M'mudzi wa Bawa, m'boma la Mágoè, anthu ankakangana ndi alenje a malonda amene anapatsidwa malo osakirako njovu ndi njati, pamene eni nthaka ankatchedwa akuba akagwira ngakhale gwape. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 panakhazikitsidwa Tchuma Tchato, ndondomeko yoti anthu akumudzi azisamala nyama zakutchire n'kumapindula nazo, potengera ndondomeko yofanana nayo ya ku Zimbabwe yotchedwa CAMPFIRE. Boma linavomera kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zochokera ku ulenjewo lizibwerera kumidzi. Anthu a m'midzi momwemo, ena mwa iwo alenje odziwika, anasanduka alonda, n'kumayenda m'tchire kuchotsa misampha ya waya. Sizinayende bwino zaka zonse. Ndalama zinkachedwa, njovu zinkadyabe minda, ndipo gawo la derali litasanduka Paki ya Mágoè mu 2013 ena anadandaula kuti phindu lawo lachepa. Koma mfundo yakuti wosunga chinthu azidyako inakhazikika. Lamulo la malo la 1997 linazindikira ufulu wa midzi pa nthaka yawo, la nkhalango ndi nyama zakutchire linatsatira mu 1999, kenaka boma linalamula kuti 20 peresenti ya msonkho wa matabwa ndi ulenje izipita kwa eni dera kudzera m'makomiti awo.

Pamene malamulowo ankalembedwa, nkhwangwa nazo zinkachuluka. Fodya wa bale atafala ku Angónia, Macanga ndi Chifunde, mlimi aliyense anafuna mafoloko ndi mitanda ya chigafa, ndipo chiswe chikadya ankakadulanso ina. Mgodi waukulu watsopano wa ku Moatize utayamba kutulutsa malasha mu 2011, mzinda wa Tete unakula msanga, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse yatsopano inafuna thumba la makala a tsanya. Kenaka panabwera ogula mitengo ya nkula yotumiza ku China, mpaka boma linaletsa kudula mtengowu mu 2018. Apa ndiye pamandiwawa. Mnyamata wokankha matumba awiri a makala pa njinga ndi amene amaimitsidwa pamsewu n'kulandidwa katundu, pamene magalimoto odzaza zipika ankadutsa pamsewu womwewo. Anthu akumudzi amaziona zimenezi, ndipo n'kovuta kuwauza kuti asunge mtengo umene mawa adzaukweza pa lole mlendo.

Pa nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza panabwera pempho lakuti mwana wasukulu aliyense adzale mtengo ndipo mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake. Mbande zambiri zinadyedwa ndi mbuzi. Zimene zinapulumuka n'zimene zinali ndi mwini wozitchingira ndi minga kapena njerwa, n'kumazithirira madzi otsukira mbale.

Zimene zagwira mizu kwenikweni ndi zizolowezi zosachita phokoso. Alimi ambiri tsopano amasiya msangu m'munda, chifukwa umayoyola masamba mvula ikamayamba, sutchinga dzuwa, ndipo chimanga cha pansi pake chimabiriwira ngakhale feteleza atachepa. Chitsa chikaphuka sachizula. Amasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zina n'kusadza, ndipo pakatha zaka zochepa pamakhala podula milimo. Ena a fodya adzala mitengo m'mizere pamalo pomwe pakhale chigafa, kuti mafoloko ake akhale amoyo, chiswe chisawadye. Mukalowa m'khitchini za amayi ena mupeza mafuwa atatu alowedwa m'malo ndi mbaula yadothi, imene imapsetsa nsima ndi tinthambi ta nandolo ndi zitsononkho. Mapesi amene kale ankawotchedwa pososa, ena akuwayala m'munda kuti asunge chinyontho. Zambiri mwa izi zawoloka malire ndi achibale, pa msika wa m'malire kapena pa maliro, mlamu akaona za mlamu wake n'kukayesa kwawo.

Chimene chakanikabe ndi moto wa lupsa. Mwezi wa August ukafika anyamata amayatsa tchire posaka mbewa, moto n'kupsereza mphukira zonse zimene anthu anasunga chaka chathunthu, nthawi zina mpaka nkhokwe. M'midzi ina mafumu ayamba kulipiritsa mbuzi kapena nkhuku kwa wogwidwa, ndipo makomiti amalambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango ya mudzi udzu usanaume. Koma wogwidwayo kawirikawiri amakhala mdzukulu wa nduna ya mfumu yomweyo, ndipo mlandu umathera pa kupepesa.