Udzu wa pamphambano: mafunso ndi mayankho pa za kutchetcha m'mbali mwa msewu

Pofika mu February, tsekera ndi nsenjere zimakhala zapitirira msinkhu wa munthu, ndipo msewu umaoneka ngati wachepa. Ndi nyengo imene timaona anthu ovala majekete owala, zikwakwa m'manja, akutchetcha m'mbali mwa M1. Ambiri timaganiza kuti akungokongoletsa msewu. Si choncho ayi, ndipo mafunso ali m'munsiwa akufotokoza chifukwa chake.

Kodi udzu ungachititse bwanji ngozi?

Maso a dalaivala wa galimoto yaing'ono amakhala pa mita imodzi ndi pang'ono kuchokera pansi, pamene tsekera wokhwima amafika mamita awiri. Taganizirani pomwe kamsewu kafumbi kakumana ndi tala. Mwaima, mwayang'ana kumanja, mukungoona zobiriwira. Mukusendeza galimoto pang'onopang'ono, khosi litatalika, mpaka kutsogolo kwa galimoto kwalowa kale mumsewu musanaone chimene chikubwera.

Tsono amene akubwerayo ali paliwiro. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, ya pa 100 imadutsa pafupifupi 28. Kuti dalaivala aone, azindikire kuti kwaipa, n'kuponda buleki, masekondi awiri atha kupita. Ndiye kuti wayenda mamita oposa 40 liwiro lisanayambe n'kutsika komwe. Tala akanyowa, kapena ikakhala lole yodzaza katundu, mtundawo umatalika kwambiri. Ine chimene chimandiopsa kwambiri ndi ana a sukulu ndi a kabaza. Kwathu ndinaonapo mwana akutulukira mu udzu akukankha njinga, thumba la mgaiwa pakaliyala, ndipo minibasi inamuphonya ndi mpata wosakwana mkono. Dalaivala sanali kugona. Analibe pomuonera.

Nanga ntchitoyi ndi ya ndani?

Misewu ikuluikulu ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006. Bungweli limapereka ntchito yotchetcha kwa makontilakitala, amene kawirikawiri amalemba aganyu a m'midzi yoyandikana ndi msewuwo. Ndalama zake zimadzera ku Roads Fund Administration, kuchokera pa msonkho umene timalipira pogula mafuta a galimoto komanso pa zipata zolipiritsa ngati cha pa Chingeni ndi cha pa Kalinyeke. Misewu ya m'mizinda imayang'aniridwa ndi makhonsolo.

Munda wanga uli m'mbali mwa msewu. Ndingalime mpaka pati?

Funso ili ndi limene limautsa mapiri pachigwa. Msewu si tala yekha, uli ndi malo ake mbali zonse ziwiri. Pa misewu ikuluikulu, ya chilembo cha M, malowa ndi mamita 60 m'lifupi, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuyambira pakati pa msewu. M'menemo simuloledwa kulima kapena kumanga. Misewu ing'onoing'ono ili ndi malo ocheperapo.

Ndikudziwa kuti malo olima akusowa, ndipo munthu amene wadzala mizere khumi pafupi ndi tala sanachite mwano, akufuna ana adye. Komabe tinene zoona: pamphambano chimanga chimaopsa kuposa udzu. Udzu aliyense atha kuutchetcha, koma chimanga cha mnzako ndani angachikhudze? Chimaima pomwepo kuyambira pomwe chamasula mpaka nthawi yokolola, miyezi yomwenso msewu umakhala woterera. N'chifukwa chake makhonsolo a mizinda nthawi zina amafika pochitchetcha, ndipo mwini wake amataya mbewu, feteleza ndi thukuta lomwe. Ngati munda wanu uli kunja kwa malo a msewu koma pangodya ya mphambano, dzalanipo mbewu zosatalika monga mtedza, soya kapena mbatata, chimanga chikayambire mkati.

Bwanji osangoutentha?

Utsi umatseka msewu kuposa udzu umene. Moto umawononganso zikwangwani ndi mitengo ya magetsi, n'kulowerera m'minda ya anthu. Ndiponso udzu umavuta kwambiri m'dzinja, nthawi imene uli wauwisi ndipo sungapse.

Kodi kutchetcha kamodzi pachaka n'kokwanira?

Ayi. Udzu wotchetchedwa mu January umakhala utaphukanso pofika mu March. Pamphambano, pamakona ndi pafupi ndi sukulu pamafunika kubwereza mvula isanathe. Wotchetcha ayeneranso kuchotsa udzuwo m'ngalande ndi pakamwa pa makalavati, apo ayi madzi amasefukira n'kuyamba kudya tala kuchokera m'mphepete.

Nanga mitengo nayo igwetsedwe?

Si yonse. Nthawi zambiri kudulira nthambi za m'munsi ndi zimene zaphimba chikwangwani n'kokwanira. Mthunzi timaufuna, makamaka podikirira minibasi.

Mphambano ya kwathu yawirira ndipo palibe akubwera. Titani?

Yambani n'kuuza a mfumu ndi khansala wa dera lanu, kuti uthenga ukafike ku khonsolo kapena ku Roads Authority. Mudzi ukagwirizana kutchetcha wokha, chitani masana, muvale zowala, muzigwira mutayang'ana kumene magalimoto akuchokera, ndipo ana asabwereko. Mukamaliza, musayese ntchitoyo muli chiimire, chifukwa munthu woimirira amaona patali kuposa dalaivala. Pitani pomwe galimoto imaima isanalowe mutala, gwadani pansi, muyang'ane kumanja ndi kumanzere. Mnzanu ayende m'mphepete mwa msewu akuwerenga mapazi. Ngati wasowa m'maso mwanu asanafike patali, bwererani ndi zikwakwa mukapitirize pomwe wasowerapo.